Nyanja ikuoneka madonthomadontho: ndiike bwanji ma LED kuseri kwa mapu odula pa scroll saw?

Kalipentala_Chilomoni

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga zanu muno kwa miyezi ingapo, lero ndabwera ndi langa.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi zitseko, mabedi ndi makabati. Chaka chatha ndinagula scroll saw, makina odulira zithunzi pa thabwa ndi kabledi kowonda, ya mainchesi 16 kwa bambo wina amene ankasamuka, ndipo ndimaiseweretsa madzulo ndikaweruka. Ndadulapo mitanda, mayina a ana opachika kuchipinda, ndi khola la Khirisimasi la kutchalitchi kwathu. Zamagetsi zokha sindinazigwirepo.

Mlongo wanga wamng'ono akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ukwati ukatha akupita ku Johannesburg kumene alamu anga amagwira ntchito. Ndinafuna kumupangira chinthu choti akachiona pakhoma azikumbuka kumudzi. Ndiye ndadula mapu a Malawi, cholinga changa n'chakuti nyanja iziwala usiku.

Ndapanga motere. Pansi pali plywood ya mamilimita 3, kutalika masentimita 40, m'lifupi 22, ndipo m'menemo ndadulamo bowo la nyanja. Pamwamba pake ndamata dziko lenilenilo, lodulidwa pa mlombwa wa mamilimita 6 umene ndinacheka kuchokera ku chitseko chakale. Mtsinje wa Shire ndaudula ndi bledi ya nambala 5, kuchokera ku Mangochi, kudutsa Malombe mpaka ku Nsanje. Kuti chigawo cha kummwera chisagawike pawiri ndasiya timilatho ta thabwa pamalo atatu, ku Mangochi, ku Liwonde ndi ku Chikwawa, pomwe pali milatho yeniyeni. Apa pokha mtima wanga ndi wokondwa. Nyanja ya Chilwa nayonso ndaiboola. Kuseri kwa bowo la nyanja ndinaika pulasitiki ya buluu yoonekera kuwiri, ndinakhoma kabokosi kakuya masentimita 2, ndipo pathabwa lakumbuyo ndinamata LED strip, kalamba ka timababu ting'onoting'ono, yotalika mita imodzi, yolembedwa 5050, 12V, yoyang'ana kutsogolo. Adaputa ndinatenga ya rauta yakale, nayonso ndi 12V.

Nditayatsa ndinakhumudwa. Nyanja sikuwala ngati madzi, ukungoona timababu tili pamzere ngati mikanda, ndipo tikuthobwa m'maso moti mlombwa suonekanso. Plywood ija ikudutsa kuwala, mbali ya Mozambique yonse ikuoneka yofiirira ngati dzanja loikidwa pa tochi. Shire, amene ndinamuvutikira madzulo awiri, sakuoneka pokhapokha utaima molunjika ndendende. Adaputa ikutentha moti sungaigwire nthawi yaitali. Ndipo patangotha masiku awiri strip ija yamatuka, yagwera pansi m'bokosimo.

Palinso Likoma ndi Chizumulu. Pa msinkhu wa mapu anga Likoma ndi wamng'ono ngati njere ya mpunga, Chizumulu ndiye osanena. Ndazidula zokulirapo pang'ono, koma ndizimate ndi chiyani pa pulasitiki osadetsa madzi?

Kwatsala masabata atatu. Mlombwa sindikufuna kuudulanso chifukwa thabwa lake linali lomwelo. Bokosi ndi magetsi ndikhoza kuyambiranso. Ndithandizeni.

Wamafoni_Area25

Achimwene, yambani mwazula adaputayo pakhoma, musaisiye yoyaka usiku. Kenako muitembenuze muwerenge zolembedwa kuseri. Ndikukhulupirira mupeza 12V 1A, chifukwa ambiri a marauta ndi otero.

Strip ya 5050 yokhala ndi timababu 60 pa mita imadya pafupifupi 14.4W pa mita imodzi. Mukagawa 14.4 ndi 12 mupeza 1.2A. Ndiye kuti mukusenzetsa mwana katundu wa munthu wamkulu: adaputa imatha 1A, inu mukuipempha 1.2A. Kutenthako n'kumeneko. Anthu ambiri amangoyang'ana kuti mavolti afanana, za ma amp osaziona. Ine ndimasiya mpata nthawi zonse, adaputa isamagwire kupitirira magawo 80 pa 100 a mphamvu yake.

Koma kwa mapu anuwo 5050 ndi yaikulu mopitirira. Imeneyo timaika m'mashopu ndi pansi pa makabati akukhitchini. Kabokosi kotseka ka masentimita 40 sikafuna 14W, ndipo kutentha kwake ndi kumene kwathandiza kufewetsa guluu wa kuseri kwa strip.

Ndikanakhala ine ndikanachoka pa 12V ndi kupita pa strip ya 5V ya USB. Mphatsoyi ikupita ku Joni, ndipo kumeneko masoketi ndi a mano ozungulira, osati a mano atatu aphwatalala ngati athu kuno. Mukamupatsa ya USB, mlongo wanu angotenga chaja ya foni iliyonse imene ali nayo. Magetsi akathima asomeka pa power bank. Masamu ake ndi omwewo aja. Ngati papaketi palembedwa 5W pa mita, inu n'kugwiritsa masentimita 80, ndiye 4W, kugawa ndi 5 ndi 0.8A. Chaja ya 1A ikhala pamalire, ya 2A igwira mopuma. Power bank ya 10,000mAh ingayatse zimenezi maola 6 kapena 7.

Podula strip dulani pokhapokha pamene pali timkuwa ndi kachizindikiro ka sizasi. Ya 12V imadulidwa pakatha timababu titatu, ya 5V nthawi zambiri pa kababu kalikonse. Mukakhala ndi zidutswa ziwiri, musalumikize chachiwiri kumchira kwa choyamba. Chilichonse chipatseni mawaya akeake kuchokera pa waya wa USB, chifukwa pa 5V kumchira kumazirala msanga. Mukasenda waya wa USB mupeza wofiira ndi wakuda, amenewo ndiwo a moto, wofiira pa + ndipo wakuda pa –. Woyera ndi wobiriwira ngati alipo adulireni pafupi, muwatseke. Mukasemphanitsa sipaphulika kanthu, strip imangokana kuyaka. Timakilipu tapulasitiki tolumikizira sindimatikhulupirira pa chinthu choyenda pa basi mpaka ku Joni, timamasuka. Wotchererani ndi soldering iron, muvalike heat shrink pamwamba, kachubu kapulasitiki kamene kamakwinyika kakatenthedwa. Ngati mulibe, pitani nazo kwa wokonza mafoni aliyense, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chimodzi chokha ndikupempheni: pali strip ina yokhuthala imene amagulitsa pamkukutu, yosomeka mwachindunji pa 230V. Imeneyo isalowe m'bokosi la matabwa lopachika m'nyumba mmene mudzakhale ana. Moto wapakhoma uzithera pa chaja, m'bokosi muzilowa 5V basi.

Kalipentala_Chilomoni

Mwalasa, akulu. Palembedwa 12V 1A. Ndazula.

Za USB zandigwira mtima, za masoketi a ku Joni sindinaziganizire n'komwe. Koma funso langa lalikulu lidakalipo: ndikasintha strip, mikanda ija ichoka? Chifukwa ndikuona ngati ya 5V nayonso ili ndi timababu totalikirana chimodzimodzi.

MayiWaZikwangwani

Sichoka, achimwene, mukaiika pomwe munaika poyamba paja. Ine ndili ku Johannesburg konkuno, ndimapanga nyale za mayina a ana ndi zikwangwani za maukwati, ndipo vuto lanulo linandidyera acrylic, pulasitiki yolimba ya zikwangwani, wambiri ndisanalimvetse.

Diso lisamaone kababu. Lizingoona pamene kuwala kwagwera. Inu mwaloza timababu kumaso kwa munthu, pakati n'kuikapo pulasitiki yoonekera kuwiri ngati galasi la windo. Ngakhale bokosi likanakhala lakuya chotani, mikanda ikanaoneka ndithu.

Bokosilo likuzeni, kuya kwake kufike masentimita 4. Mkati monse pakani penti yoyera, makamaka thabwa lakumbuyo. Strip muimate m'makoma a m'mbali, kumanzere ndi kumanja, iziyang'ana mkati, ndipo muikankhire kufupi ndi nkhope ya mapu kuti munthu akasuzumira pa bowo la nyanja asaione. Kuwala kuzigunda pa zoyerazo kenako n'kutulukira pa nyanja kutafewa kale. Popeza nyanja yanu ili kumanja kwa thabwa, mbali imeneyo idzawala kuposa inayo. Mukaona choncho, khomani kathabwa kena mkati kumanzere kwa nyanja, mtunda wofanana ndi wakumanja, strip yachiwiri mumate pamenepo.

Pulasitiki yanu ya buluu musaitaye. Ipaleni kuseri ndi sandipepa wa 400, mozungulira, mpaka ichite mbuu. Kutsogolo isiyeni yosalala kuti masana izinyezimira ngati madzi. Mukapeza acrylic woyera ngati mkaka, amene ogulitsa amamutcha opal, wa mamilimita 3, muikeni kuseri kwa buluuyo, ndiye mwamaliza. Opanga zikwangwani za mashopu amakhala ndi zidutswa zotsala, ndipo chanu n'chaching'ono. Ena amaika pepala lophikira keke kapena tracing paper. Zimagwira, koma pepala limachita makwinya nyengo ya mvula, ndipo pa mphatso ya ukwati ine sindingaike.

Mtundu wa kuwala musaulakwitse. Pa nyale za ana ndimakonda warm white ya 3000K chifukwa imagwirizana ndi thabwa. Koma kuseri kwa buluu ayi. Kuwala kwachikasuko kuli ndi buluu wochepa, ndiye nyanja imatuluka yakuda, yobiriwira ngati dziwe. Tengani cool white ya 6000K kapena 6500K. Strip ya buluu yeniyeni sindimaikonda, imapweteka m'maso ndipo chipinda chimaoneka ngati malo omwera mowa. Mukapeza ya COB, ija imaoneka ngati mzere umodzi wachikasu ikakhala yozima, ili ndi timababu 320 kapena 480 pa mita, ndiye ilibe madontho. Koma mukamata m'mbali monga ndanenera, wamba ija ikwanira.

Podula acrylic pa scroll saw musachotse pepala lake, ngati linachoka kale matani masking tape mbali zonse. Chepetsani liwiro la makina, gwiritsani bledi ya mano otalikirana, ndipo musaime pamodzi. Ikatentha imasungunuka n'kumatananso kumbuyo kwa bledi. Chabwino n'chakuti simukufunika kudula maonekedwe a nyanja, chidutswa cha makona anayi chongophimba bowolo chakwana.

Likoma ndi Chizumulu musayerekeze kumata ndi super glue. Nthunzi yake imasiya zoyera kuzungulira, ndipo sizichoka. Sakanizani guluu wa epoxy woonekera kuwiri, mutape ndi nsonga ya singano, kadontho kamodzi pansi pa chilumba. Yambani mwayatsa nyale, muike zilumbazo popanda guluu, muone pomwe zikukhala bwino, kenako mumate.

Mlongo wanuyo ali ndi mwayi. Kuno munthu umasowa kwanu nthawi ya madzulo, ndipo ndi nthawi imene mapuwo aziyaka.

Gogo_wa_Matabwa

Mwana wanga, zamagetsi akuuzani anzanuwa, ine ndinena za thabwa.

Strip yagwa chifukwa munamata pa plywood yosapaka kanthu. Kaguluu kakuseri kaja kamafuna posalala. Pa thabwa laliwisi kamangogwira fumbi. Pakani penti kapena vanishi, iume tsiku lathunthu, pukutani, kenako matani. Ndipo musadalire kaguluuko kokha. Ine ndimadontheza hot glue m'mphepete pa masentimita 10 alionse, osati pamwamba pa kababu. Mukapeza kachitsulo ka aluminiyamu kopyapyala, kakhomeni kaye pa thabwa, strip mumate pa iko, kamamwa kutentha.

Plywood ya mamilimita 3 imadutsa kuwala, ndi chikhalidwe chake. Penti yoyera yokha siitseka. Yambani ndi yakuda kuseri kwake, kawiri, ikauma ndiye mupake yoyera pamwamba. Ena amamata foyilo ya kukhitchini, koma ikakhudza timkuwa ta strip imachita shoti, ndiye ine ndinaisiya. M'makona a bokosi namonso kuwala kumathawiramo. Zimitsani nyale zam'chipinda, yatsani mapu, muzungulire, paliponse pamene pakutuluka kamzere mutseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu.

Za Shire. Bledi ya nambala 5 imasiya mpata wosakwana milimita imodzi, ndipo kuwala kukuyenera kudutsa mamilimita 9, mlombwa ndi plywood pamodzi. N'chimodzimodzi kusuzumira pa mng'alu wa chitseko. Mlombwa musaukhudze kumaso. Tembenuzani, mukumbe plywood ya kuseri motsatira mtsinje ndi tchizulo chaching'ono, ngalande ya mamilimita 5 kapena 6 m'lifupi, mpaka mufike pa mlombwa. Mukafuna, lowetsani bledi ya spiral, ija yopota yodula mbali zonse, mu mpata womwewo muukuze pang'ono, koma dzanja likhale lofatsa pafupi ndi timilatho tanu. Pamenepo musakumbe kuseri, ndi plywood imene ikutigwira.

Kuwala sikubisa kanthu. Kaubweya kalikonse kamene bledi inasiya m'mphepete mwa nyanja kadzaoneka ngati udzu. Dulani sandipepa timizere topyapyala, mupale mkati mwa mabowo onse musanaike pulasitiki.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi mayi a ku Joni ndi pa cool white. Pa nyanja akunena zoona. Koma mlombwa ndi thabwa lofiirira, kuwala koyera kwambiri kukaugwera kumauzimbaitsa. Ndiye onetsetsani kuti koyerako kwatsekeredwa mkati, kukungotulukira pa madzi basi.

Ndipo thabwa lakumbuyo musamate ndi guluu. Mangani ndi masikuluwu anayi. Mlombwa uja unakhala chitseko zaka zambiri ndipo ukhalanso mapu zaka zambiri, koma strip ndi waya zidzafa zisanafike pamenepo. Wodzakonzayo apeze polowera. Waya aturukire pansi, ndipo mumange mfundo mkati mwa bokosi kuti mwana akadzakoka, mfundo ndi imene idzagwire, osati powotcherera paja.

Wamafoni_Area25

Agogo anena zoona pa mfundoyo, zambiri zimene amandibweretsera zimakhala zoduka pomwepo.

Ndiwonjezere kamodzi. Ma power bank ambiri amadzizimitsa okha akaona kuti chimene chasomekedwa chikudya moto wochepa kwambiri. Pa 0.8A simuvutika. Koma mukaika dimmer yochepetsera kuwala n'kutsitsa kwambiri, mukhoza kuona ikuzima pakapita kamphindi, musadzaganize kuti mwalakwitsa mawaya. Ndipo musanatseke bokosi, isiyeni yoyaka maola atatu, kenako gwirani strip ndi chala. Ikhale yofunda chabe.

Kalipentala_Chilomoni

Ndabweranso patatha masiku 9, pepani pochedwa, ndinali ndi makabati a kasitomala.

Bokosi ndakhoma latsopano la paini, lakuya masentimita 4. Kuseri kwa plywood ndapaka yakuda kawiri, yoyera kawiri. Strip ya 5V cool white ndinaipeza ku Limbe, ya COB sindinaipeze. Ndadula zidutswa ziwiri za masentimita 36, ndipo mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi shedi yathu wandiwotcherera, chilichonse ndi mawaya ake monga munanenera akulu a ku Area 25. Poyamba ndinamata m'makoma a bokosi, ndipo zinachitika ndendende zimene mayi ananena: gombe la kum'mawa linawala, la ku Nkhata Bay ndi Salima linali lozirala. Ndakhoma kathabwa ka mkati, koma sindinakaimike mowongoka. Ndakapendeketsa kutsatira mmene nyanja imakhotera, kuyambira ku Karonga kutsikira ku Mangochi, ndipo kuchokera apo ndakapitiriza pang'ono kuti kuwala kufike ku Shire. Tsopano madzi onse ali mtundu umodzi.

Opal sindinaipeze yaing'ono, ndiye ndapala pulasitiki ya buluu ija kuseri ndi 400, ndipo kadutswa kena koonekera kuwiri ndakapala mbali zonse n'kukaika kumbuyo kwake. Mkanda ngakhale umodzi sukuoneka.

Agogo, ngalande ya kuseri kwa Shire inanditengera madzulo athunthu, ndinkachita mantha ndi kamlatho ka ku Liwonde chifukwa ndi kopyapyala kuposa tinzake. Kapulumuka. Bledi ya spiral sindinailowetse, nditangokumba plywood mtsinje unayamba kuoneka ngakhale utaima chapambali. Ndi kamzere kowonda ngati ulusi, ndipo kamaduka katatu pa milatho. Kumunsi cha ku Nsanje n'kozirala poyerekeza ndi kumtunda, koma ndakusiya choncho, sindikufuna kuwonjezera strip yachitatu chifukwa cha masentimita 5.

Chizumulu ndinadula katatu. Tiwiri toyamba tinagwera m'kabowo ka pa tebulo la makina n'kusowa mu utuchi. Kachitatu ndinamata masking tape pansi pa thabwa ndisanadule, kanatsalira pa tepipo. Epoxy yagwira bwino, madzi ozungulira zilumba ndi oyera.

Ndaiyesa maola anayi pa chaja ya 2A, strip ndi yofunda pang'ono, chaja ndi yozizira. Dzulo magetsi atathima ndinasomeka pa power bank n'kuitana amayi kuti aone. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anaika chala pa gombe cha ku Nkhotakota, kwawo, n'kufunsa ngati ndingaikepo kachizindikiro. Ndaboola kabowo ka milimita imodzi pamenepo, ndakumba plywood kuseri monga ndinachitira ndi Shire, ndipo kakuwala ngati kanyenyezi.

Chatsala ndi swichi. Ndikufuna ija yokhala pa waya, kuti asamachite kuzula chaja usiku uliwonse. Akulu a ku Area 25, ija amagulitsa ya nyale zapatebulo ingagwire pa 5V, kapena ndifune ya USB yeniyeni? Ndipo ndidule waya wofiira wokha, kapena onse awiri?

Wamafoni_Area25

Ya nyale zapatebulo igwira bwinobwino. Dulani wofiira wokha, wakuda adutse osaduka. Muiike masentimita 30 kuchokera pa bokosi kuti dzanja lizifikira mapu ali pakhoma.